Kuika ekiselo yolimba ya Land Cruiser kumbuyo kwa pikapu ya Hilux muli pakhomo panu

Eni mapikapu amene amanyamula chimanga, simenti, mabelo a fodya kapena matola m'misewu yafumbi amafika potopa ndi kupindika kwa mashafiti akumbuyo ndi kutha msanga kwa mabering'i, ndipo ambiri amaganiza zongochotsa ekiselo yonse n'kuikapo ina yamphamvu. Ganizoli ndi labwino, koma ntchitoyi imalephereka pa zifukwa zomwezomwezo: munthu amagula ekiselo asanayeze kanthu, amawotcherera galimoto ili m'mwamba, ndipo pamapeto pake galimoto imanjenjemera, mabuleki akumbuyo amagwira mopyola muyeso, kapena magiya amakukutana akangolowetsa 4x4.

Malangizo ano akutsata chitsanzo chimodzi, chomwe ndi kuika ekiselo yakumbuyo ya Toyota Land Cruiser 75 pa Hilux yakale ya 4x4 yokhala ndi masipuling'i osanjikiza. Pa Hilux shafiti yomweyo ndi imene imazunguza tayala komanso kusenza katundu, choncho ikathyoka tayala limatha kusololoka. Pa ekiselo ya full-floating, imene Land Cruiser 75 zambiri zili nayo, kulemera konse kumakhala pa mabering'i awiri okhala pa chubu cha ekiselo, ndipo shafiti imangozunguza basi. Giya yaikulu ya mu difu yake, bokosi la magiya limene limagawira mphamvu ku matayala awiri, nayonso ndi ya mainchesi 9.5, pamene ya Hilux yakale ndi ya mainchesi 8. Ndondomekoyi imagwiranso ntchito pa mapikapu ena a masipuling'i otere, ngakhale miyeso imasiyana.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

Mufunika jeke yaikulu ya matayala, masitandi anayi achitsulo ochirikiza galimoto, ndi mipiringidzo yotsekera matayala akutsogolo. Mufunikanso masipanala ndi masoketi, torque wrench (sipanala yomangira manati pa muyeso), sipanala ya mapaipi a mabuleki, gulayinda yokhala ndi madisiki odulira ndi osalazira, nyundo ndi ndodo yamkuwa yogogodera, tepi yoyezera, choko kapena penti yolembera, ndiponso kachipangizo koyezera madigiri a kupendekeka. Foni yokhala ndi pulogalamu yoyezera madigiri ikhoza kuthandiza ngati mbali yake ili yosalala bwino. Makina owotcherera akhale amphamvu, ndipo wowotcherera akhale munthu amene anazolowera zitsulo zochindikala, chifukwa luso lopangira mafelemu a mawindo silokwanira pa ntchito imene ikachoka munthu amafa. Chozimitsira moto chikhale pafupi.

Pa zogula, konzani mipando yatsopano ya masipuling'i yolingana ndi kukula kwa chubu cha ekiselo yatsopanoyo, ma U-bolt anayi atsopano ndi manati ake, mabulaketi a mashoko, masili ndi mabering'i a mahabu, girizi, oyilo wa difu wa GL-5 monga 80W-90, mafuta a mabuleki a DOT 3 kapena DOT 4, mashu a mabuleki, ndi paipi yamphira yatsopano ya mabuleki. Pezaninso buku la kakonzedwe ka galimoto zonse ziwiri, poti miyeso yomangira manati ili mmenemo. Ekiseloyi imapitirira makilogalamu 100, choncho pakhale anthu awiri okuthandizani tsiku lokweza ndi kutsitsa.

1. Werengani magiya musanapereke ndalama

Pa galimoto ya 4x4, difu yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kukhala ndi magiya ofanana. Nambala ya magiya imapezeka pogawa mano a giya yaikulu ndi mano a pinion, giya yaing'ono imene imazunguza yaikuluyo: mano 37 ndi 9 amapereka 4.11, mano 43 ndi 10 amapereka 4.30, mano 41 ndi 9 amapereka 4.56, ndipo mano 39 ndi 8 amapereka 4.88. Land Cruiser 75 zambiri zili ndi 4.11, pamene ma Hilux akale a dizilo nthawi zambiri amakhala ndi 4.30, 4.56 kapena 4.88. Kachitsulo ka nambala kokhomedwa m'chipinda cha injini kamasonyeza magiya amene galimoto inachoka nawo ku fakitale, koma musakadalire kwambiri, chifukwa galimoto yazaka zambiri imakhala itasinthidwapo difu. Werengani nokha. Gwirani tayala limodzi kuti lisayende, zunguzani linalo kawiri ndendende, ndipo muwerenge kuti flange ya pinion, chimbale chimene amamangirapo pulopela (shafiti yaitali yobweretsa mphamvu ku difu), yazungulira kangati. Ngati difu ili ya limited slip (LSD), imene silola tayala limodzi kuzungulira lokha momasuka, zunguzani matayala onse awiri pamodzi kamodzi kokha.

Chenjezo: kusiyana kwa 4.10 ndi 4.11 kulibe vuto, koma 4.56 kutsogolo ndi 4.11 kumbuyo kudzaphwanya transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, kapena difu yakutsogolo mukangolowetsa 4x4 pamalo olimba. Magiya akasiyana, musankhe difu imodzi yoti isinthidwe. Kwa munthu wonyamula katundu m'zitunda, nzeru yabwino ndi kusunga 4.56 ya Hilux n'kusintha magiya a mu difu ya Land Cruiser, chifukwa kutsikira ku 4.11 kumalanda galimoto pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi la mphamvu yokokera, komanso wotchi ya liwiro imayamba kunama: ikamasonyeza 80, galimoto imakhala ikuthamanga pafupifupi 89. Kuika magiya atsopano mu difu ndi ntchito ya mmisiri wokhala ndi zipangizo zoyezera kulumana kwa mano, ndipo chimenechi chokha mupite nacho ku galaja.

2. Yezani zonse galimoto idakali pa matayala ake

Imikani pikapu yopanda katundu pamalo osalala ndipo mulembe m'kope miyeso iyi. Yezani utali wa ekiselo kuchokera pamene limu limakhala mbali imodzi kufika mbali inayo, mtunda wa pakati pa mabawuti apakati a masipuling'i awiri, kupendekeka kwa flange ya transfer case ndi ya pinion, utali wa pulopela, ndi malo amene mashoko amangidwa. Yezaninso kutalika kwa bulaketi imene imagwira kandodo kochokera ku valavu ya mabuleki akumbuyo, chifukwa muyeso umenewu mudzaufuna pa gawo 6 ndi 10 ndipo sungapezekenso ekiselo ikachoka. Jambulani zithunzi za mmene mapaipi ndi mawaya a handibuleki adutsira.

Kenako pitani ndi kope lomwelo kwa wogulitsa. Land Cruiser 75 ili ndi mastadi 6 pa bwalo la mamilimita 139.7, mofanana ndi Hilux, koma 78 ndi 79 zoyambira mu 1999 zili ndi mastadi 5 pa bwalo la mamilimita 150. Mukagula ya mastadi 5 mudzakhala ndi malimu amitundu iwiri pa galimoto imodzi, ndipo sipeya imodzi sidzakwanira. Tengani limu lanu limodzi mukaliyese pa habu, poti habu ya full-floating imatulukira kunja ndipo bowo lapakati la malimu ena silimalola kuti ilowe. Mphika wa difu ya Land Cruiser uli chakumanja, pamene wa Hilux uli pakati, motero muone ngati pulopela ikapatukira kumanja sidzakhudza thanki ya mafuta kapena ekisozi.

3. Konzani ekiselo idakali pansi

Ikani ekiselo pa masitandi awiri, khuthulani oyilo ndipo muone chotsekera chapansi. Utuchi wosalala wachitsulo pa maginito ake ndi wachizolowezi, koma tizidutswa tomveka m'zala tikusonyeza kuti mano kapena mabering'i ayamba kuphwanyika. Masulani manati a flange ya shafiti, gogodani nsonga za mastadi ndi ndodo yamkuwa mpaka timawashala tosongoka tituluke, kenako sololani shafiti. Musalowetse chizulo pakati pa flange ndi habu, chifukwa mukakanda nkhope imeneyo idzakhala ikudontha mpaka kale. Sinthani masili, pakani girizi m'mabering'i, ndipo mumange manati a habu molingana ndi buku. Sinthaninso mashu ndi masilinda a mabuleki ngati akuoneka onyowa. Ntchito zimenezi n'zosavuta ekiselo ili poyera, ndipo n'zowawa msana ikalowa pansi pa bodi.

4. Kwezani galimoto ndi kuchotsa ekiselo yakale

Tsekani matayala akutsogolo kumbuyo ndi kutsogolo komwe, chotsani waya wa negetivu pa batire, kwezani kumbuyo ndipo muike masitandi pansi pa chasisi, patsogolo pang'ono pa masipuling'i. Gwedezani galimoto mwamphamvu musanalowe pansi. Lembani mzere wa penti pa pulopela ndi maflange ake, kenako muimasule. Chotsani mashoko, mawaya a handibuleki, kandodo ka valavu ndi paipi ya mabuleki, ndipo mutseke paipiyo kuti mafuta asathe m'thanki yake. Chirikizani mphika wa difu ndi jeke, masulani ma U-bolt, tsitsani pang'onopang'ono ndi kukokera ekiselo kunja.

Chenjezo: njerwa, mabuloko a simenti ndi malimu osanjikiza si masitandi. Njerwa imaphwanyika mosachenjeza, ndipo pa ntchito ino mudzakhala mukukankha chitsulo cholemera muli chigonere pansi pa galimoto.

5. Dulani mipando yakale

Pa Land Cruiser 75 masipuling'i amadutsa pansi pa ekiselo, pamene pa Hilux ya 4x4 amakhala pamwamba pake, choncho mipando yakale ndi mabulaketi ake sizidzagwira ntchito. Dulani m'mizere yowotcherera yokha, osalowetsa disiki m'chubu, kenako salazani mpaka chitsulo chiwale. Mukakumba chubu mwangozi, dzazani malowo ndi kusalazanso, chifukwa mng'alu umayambira pa kamzera kotere.

6. Ikani ekiselo mosawotcherera ndi kupeza malo ake enieni

Gawo lino ndi limene limasiyanitsa galimoto yoyenda mwakachetechete ndi yonjenjemera, ndipo ndi loyenera kulipatsa tsiku lathunthu ngati pakufunika kutero. Ikani mipando yatsopano pa chubu osawotcherera, lowetsani ekiselo, onetsetsani kuti mutu wa bawuti yapakati ya sipuling'i iliyonse walowa m'bowo la mpando, ndipo mumange ma U-bolt mongogwiriza. Mukatero sunthani masitandi awiri kuti akhale pansi pa chubu cha ekiselo, kuti kulemera konse kwa galimoto kukhale pa masipuling'i monga kumakhalira pamsewu. Muyeso uliwonse wotengedwa ekiselo ikulendewera ndi wabodza.

Yambani ndi kuika ekiselo pakati. Yezani kuchokera pa chasisi kufika pamene limu limakhala, kumanzere ndi kumanja, ndipo musunthe chubu mpaka miyeso iwiriyo ifanane. Musayang'ane mphika wa difu, poti uli chakumanja mwa chipangidwe chake ndipo udzakusokeretsani. Kenako yezani kuchokera pa bawuti yakutsogolo ya sipuling'i iliyonse kufika kumapeto kwa ekiselo, molunjika komanso mopingasa. Miyeso ikasiyana, galimoto idzayenda cham'mbali ngati nkhanu ndipo idzadya matayala akumbuyo.

Tsopano bwerani pa kupendekeka kwa pinion. Pa pulopela wamba yokhala ndi universal joint, cholumikizira chopindika, imodzi kumapeto kulikonse, pinion iyenera kuloza mofanana ndi shafiti yotuluka mu transfer case, ndiye kuti ngati yakutsogolo yaweramira pansi ndi madigiri 4, pinion idzuke ndi madigiri pafupifupi omwewo. Anthu ambiri amalozetsa pinion molunjika ku transfer case poganiza kuti njira yowongoka ndi yabwino, koma pa pulopela yotere zimenezi zimabweretsa kunjenjemera, chifukwa joint iliyonse imafulumira ndi kuchedwa kawiri pa kuzungulira kumodzi, ndipo yachiwiri imafafaniza kusinthasintha kwa yoyamba pokhapokha madigiri awo akafanana. Kulozetsa pinion ku transfer case n'koyenera pa pulopela ya double cardan yokha, imene ili ndi ma joint awiri ophatikana kutsogolo. Ngati pulopela yanu ili ya zidutswa ziwiri yokhala ndi bering'i pakati, monga zimakhalira pa ma double cab ambiri, yerekezani pinion ndi chidutswa chakutsogolo.

Mukapeza madigiri oyenera, tsitsani mphuno ya pinion ndi digiri imodzi kapena awiri. Masipuling'i osanjikiza amapotoka galimoto ikamakoka, ndipo pinion imadzuka yokha, makamaka pa pikapu yolemedwa imene ikukwera chitunda. Zungulizani chubu ndi jeke yaing'ono yoikidwa pansi pa mphuno ya difu, yezaninso miyeso yonse itatu chifukwa kusuntha umodzi kumasokoneza inayo, ndipo mukakhutira gwirizitsani mpando uliwonse ndi timadontho tinayi ta kuwotcherera. Gwirizitsaninso mabulaketi a mashoko, a mapaipi ndi ya kandodo ka valavu.

7. Tulutsaninso ekiselo ndi kuwotcherera

N'zotopetsa, koma itulutseni. Kuwotcherera pansi pa galimoto kumakuikani pafupi ndi thanki ya mafuta, komanso dzanja siliyenda bwino munthu ali chagada. Ikani waya wa ethi pa chubu pafupi ndi pamene mukuwotcherera kuti magetsi asadutse m'mabering'i. Wotchererani timizere ta masentimita awiri kapena atatu, mukusinthasintha mbali ndi mipando, ndipo muzidikira kuti chitsulo chizizire chokha. Mzere umodzi wautali umakoka chubu n'kuchipinda pang'ono, mwina mosaoneka ndi maso, koma mokwanira kudya matayala ndi masili. Musathire madzi pa chitsulo chotentha. Pomaliza pakani penti.

8. Bwezerani ndi kumanga ma U-bolt

Lowetsaninso ekiselo ndi kumanga manati a ma U-bolt mopingasapingasa, pang'onopang'ono, mpaka pa muyeso wa m'buku. Ma U-bolt akale asabwererepo, chifukwa anatamuka kale pomangidwa koyamba, ndiponso kupindika kwawo n'kwa chubu china. Mabawuti a mashoko ndi a mashako, zitsulo zolumikiza masipuling'i ku chasisi, muwalimbitse galimoto itakhala pa matayala ake, apo ayi mabushi amphira adzapotoka n'kung'ambika msanga. Onaninso kuti mphira zoletsa ekiselo kugunda chasisi zikugwera pa chubu kapena pa mpando, osati pa paipi ya mabuleki.

9. Pulopela

Mphuno ya difu ya Land Cruiser ndi yaikulu, choncho pulopela yanu mwina idzafunika kufupikitsidwa, ndipo mabowo a maflange kawirikawiri salingana. Yezani mtunda wa pakati pa maflange awiri galimoto ili pansi, ili yolemedwa, komanso ekiselo ikulendewera, ndipo mupereke miyeso itatuyo kwa amisiri okhala ndi makina odulira ndi kubalansa pulopela. Pulopela yodulidwa ndi sowo pakhomo n'kulumikizidwa ndi diso siyenda bwino pa liwiro. Polumikiza, makutu a ma joint awiri akhale pa mzere umodzi, ndipo gawo lolowana likhale ndi mpata wotalikira ndi kufupikira. Musakuze mabowo a flange ndi fayilo kuti mabawuti alowe.

10. Mabuleki

Lumikizani paipi yamphira yatsopano, kenako kwezani chasisi mpaka ekiselo ilendewere kuti muone ngati paipiyo yatsala ndi mpata. Ikakhala yokokeka, idzaduka tsiku limene tayala lidzagwere m'dzenje. Mawaya a handibuleki a galimoto ziwirizi salingana, ndipo nthawi zambiri pamafunika kuphatikiza waya wa Land Cruiser ndi chokokera cha Hilux pogwiritsa ntchito bulaketi yopangidwira zomwezo.

Valavu ya mabuleki akumbuyo ndi imene ambiri amaiwala. Imakhala pa chasisi ndipo imazindikira kulemera kwa katundu kudzera pa kandodo kofika pa ekiselo: bodi ikatsika chifukwa cha katundu, kandodoko kamakankhira m'mwamba ndipo valavu imatumiza mphamvu yambiri kumbuyo. Bulaketi ikakwera kuposa muyeso umene munalemba pa gawo 2, valavu idzayesa kuti galimoto yadzaza nthawi zonse, ndipo matayala akumbuyo adzakhwekhwereza galimoto ili yopanda kanthu, makamaka pa phula wonyowa. Ikatsika kwambiri, mabuleki akumbuyo adzafooka pamene mwanyamula katundu. Chotsani mpweya kuyambira pa tayala lakutali ndi master cylinder, silinda yaikulu imene pedulo imakankha, ndipo mumalizire pa valavuyo, imene ili ndi kabawuti kakekake kotulutsira mpweya. Ngati pedulo ikupita pansi kwambiri ngakhale mpweya watha ndipo mashu mwawayandikitsa bwino, ndiye kuti masilinda atsopanowo akufuna mafuta ambiri kuposa amene master cylinder yanu ikupereka, ndipo muyenera kuika yokulirapo. Pa Hilux yokhala ndi ABS, yomwe imaletsa matayala kukhwekhwereza popanda mabuleki mwamphamvu, ekiselo yopanda masensa idzazimitsa ABS yonse, choncho nkhaniyi muithetse musanagule.

11. Oyilo ndi kuyesa pamsewu

Thirani oyilo mpaka afike pa bowo lothirira, ndipo ngati difu ili ya limited slip mugwiritse ntchito oyilo wolembedwa LSD. Onani kuti kapaipi kopumira ka pamwamba pa chubu sikanatsekeke ndi matope. Yesani mabuleki pabwalo kaye, kenako pamsewu wafumbi wopanda anthu pondani mwamphamvu munthu wina akuyang'ana: matayala akutsogolo ayenera kugwira akumbuyo asanagwire. Kwezani liwiro pang'onopang'ono mukumvetsera. Mukaima, gwirani mahabu ndi dzanja. Kufunda n'kwachizolowezi, koma kutentha kosagwirika kukusonyeza kuti mabering'i amangika kwambiri kapena mashu akugwirabe. Limbitsaninso ma U-bolt ndi manati a matayala mukayenda makilomita pafupifupi 100, ndipo mubwerezenso mukanyamula katundu woyamba.

Dziwitsani kampani yanu ya inshulansi za kusinthaku, ndipo mufunse ofesi yoona za pamsewu ya dziko lanu zimene imafuna pa galimoto yosinthidwa chonchi. Ku Malawi ofesiyo ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene imayang'anira za COF, satifiketi yosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chachikulu ndi kuganiza kuti ekiselo yolimba yasandutsa pikapu kukhala lole. Hilux inapangidwa kuti izinyamula pafupifupi tani imodzi, kuphatikizapo dalaivala ndi okwera, ndiye kuti matumba a chimanga a makilogalamu 50 osakwana 20. Chasisi, masipuling'i, matayala ndi mabuleki akutsogolo zimakhala zomwe zija, ndipo kulemera kololedwa kolembedwa m'mapepala a galimoto sikusintha. Shafiti ikasiya kupindika, chimene chimatsatira pa galimoto yodzazidwa mopyola ndi kupindika kwa chasisi pakati pa kebini ndi bodi, komwe kukonza kwake n'kodula kwambiri kuposa shafiti.

Cholakwika china ndi kukhulupirira mawu a wogulitsa akuti ekiselo ikwana bwinobwino popanda kutulutsa tepi. Ekiselo yochokera pa galimoto yangozi imatha kukhala yopindika, ndipo njira yapafupi yodziwira ndi kuyeza mtunda wa pakati pa mahabu awiri kutsogolo, kumbuyo, pamwamba ndi pansi. Miyeso inayiyo ikasiyana moonekeratu, isiyeni.

Ena akamva kunjenjemera amathamangira kukabalansitsa matayala kawiri katatu, pamene vuto lili pa madigiri a pinion. Kunjenjemera kumene kumabwera mukaponda mafuta n'kuchoka mukasiya kukuloza ku pinion kapena ku ma joint. Ngati kusiyana kuli kwa madigiri ochepa, timapale tachitsulo tosongoka toikidwa pakati pa sipuling'i ndi mpando timakonza vutoli, bola tikhale tachitsulo osati ta aluminiyamu, ndipo bawuti yapakati ikhale yaitali mokwanira kulowabe m'bowo la mpando. Kusiyana kukakula, mipando iyenera kudulidwa ndipo ntchito iyambirenso pa gawo 6.

Palinso amene amachotsa valavu ya mabuleki akumbuyo n'kulumikiza paipi molunjika chifukwa bulaketi yawavuta, ndi amene amasiya handibuleki yosalumikiza ponena kuti adzaikonza mawa. Pikapu yopanda handibuleki siyenera kupambana COF, ndipo ikaima pa chitunda ili ndi katundu imangodalira giya ndi mwala woikidwa kuseri kwa tayala. Amene asiya magiya osiyana kutsogolo ndi kumbuyo podikira ndalama achotseretu pulopela yakutsogolo mpaka magiyawo atasinthidwa, kuti dalaivala wina wosadziwa asadzalowetse 4x4.